Zipolopolo za Mkamwini

Amuna anga a Barend Odendaal anapereka mwana wawo wamkazi popanda kuvuta. Wikus atabwera kudzapempha Marinda, anamuthirira khofi, anamufunsa za makolo ake ndi za mpingo, basi n'kugwirana naye chanza. Anthu a ku Edenburg anadabwa, poti a Barend ngakhale nkhosa yopanda mano saigulitsa asanakangane mpaka dzuwa kupendeka. Mkangano unadzabuka pambuyo pake, ndipo sunali wa ukwati ayi. Unali wa zipolopolo.

Owombera chandamale enieni kwathu kuno sagula zipolopolo m'sitolo, amadzipangira okha. Munthu amatenga chigoba chamkuwa, kuikamo kakapu koyatsa moto kunsi kwake, kuyeza wonga pasikelo, kuthira, n'kutsindira mutu wa chipolopolo pamwamba. A Barend ntchito imeneyi amaigwira ngati akukonza mgonero wa kutchalitchi. Iwo anasiya kuwombera kalekale, atagwa pamwamba pa mjigo wa mphepo n'kuthyoka phewa. Koma kuyambira Marinda ali kusekondale, chipolopolo chilichonse chimene mwanayo anawombera chinatuluka m'manja mwa bambo ake, m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Kunsi kwa chigoba chilichonse ankadonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo, wondibera ine, kuti zawo zisasokonezeke ndi za ena. Marinda akabwera ndi chikho, iwo ankauza anthu kuti, "Tapambana." Akalephera ankati, "Mphepo yatinamiza."

Wikus Terblanche ndi dokotala wa ziweto, mnyamata wamtali wa mawu ochepa, amene amayamba wapepesa asanakutsutse. Nayenso Loweruka ankabwera ku kalabu ya owombera ndi mfuti yake ndi zipolopolo zodzipangira, koma kuwombera kwake kunali kongoyerekeza. A Barend anamukondera pomwepo.

"Mnyamata wabwino uyu, Truida," ankandiuza. "Waulemu. Ndipo mfuti sadzaitha mpaka kalekale."

Vuto linayamba kutatsala miyezi yochepa kuti owombera a dziko lonse akumane pa mpikisano ku Bloemfontein. Mfuti ya Marinda inkasonkhanitsa mabowo pamodzi moti chikhatho chimodzi chinkawaphimba onse, ngakhale chandamale chili kutsidya kwa dambo. Mwadzidzidzi inayamba kumwaza. Bowo lina m'mwamba, lina m'munsi, lina kumbali kwenikweni ngati mbuzi yothawa m'khola.

Poyamba a Barend anati ndi wonga, poti anali atangotsegula chitini chatsopano. Anakabwereka wina kwa a Swanepoel, anzawo a ku kalabu. Zimodzimodzi. Anati ndiye kuti ndi sikelo. Anatseka mawindo onse a kachipinda kaja n'kundiletsa kuyatsa makina ochapira zovala, ati akugwedeza pansi. Wonga ankauonjezera kanjere kamodzikamodzi ndi kopanira nsidze ka m'chikwama changa. Kenako anati ndi makapu. Kenako zigoba. Anazikhuthula zonse patebulo lodyera, kuziyeza chimodzichimodzi, kuziika m'magulumagulu, moti ife chakudya tinkadyera pamaondo. Anachotsa kalilole wa kubafa, kumugoneka pansi, n'kumagubuduzapo zipolopolo kuti aone ngati mitu yake yapindika. Anamangitsa zomangira zonse za mfuti. Anatsuka mpope wa mfutiyo mpaka kansalu kutuluka koyera mbee. Masana aliwonse Marinda akaweruka kusukulu kumene amaphunzitsa, ankagona chafufumimba kuseri kwa khola n'kumawombera, bambo ake diso lili pa chowonera patali. Mabowo ankangomwazikabe.

Tsiku lina ndikuwapititsira khofi ndi mabisiketi ouma, ndinafika nkhani itavuta.

"Si zipolopolo izi, Marinda. Ndiwe."

"Ine ndatani, Ababa?"

"Mtima wako uli kwina. Ukupuma ngati galu wothamangitsa galimoto. Munthu amene m'mutu mwake mwadzaza diresi laukwati sangawombere."

Marinda anadzuka, anasasa udzu pamalaya, analongedza mfuti yake, n'kundidutsa osayang'ana ngakhale khofiyo. Makutu ake anali ofiira. Mwanayu kuyambira ali wamng'ono salira pamaso pa anthu, amangofiira makutu.

Lamlungu lotsatira Wikus anabwera kudzadya nafe titachoka kutchalitchi. Ndinali nditawotcha mwendo wa nkhosa, ndi mbatatesi ndi maungu. Zigoba ndinazikankhira kumapeto kwa tebulo. Mnyamatayo anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsokomola. A Barend amawatcha Oom, ndiye kuti malume, monga achinyamata kwathu kuno amaitanira akuluakulu.

"Oom Barend, pepani kulowerera. Kodi khosi la mpope mwaliyeza posachedwapa?"

A Barend anaika mpeni pansi. "Khosi?"

"Eya, Oom. Pajatu moto umadya pamene chipolopolo chimayambira kugwira mizere ya m'kati. Pakadyeka, mutu umadumpha kamtunda usanagwire, ndiye umalowa mopendama. Mwina mutatalikitsa chipolopolo pang'ono chabe…"

"Mpope umenewo ndinasankha ndine, ndipo ndi wa dzana lomweli. Ine ndinayamba kuyeza makosi a mfuti iwe usanadziwe kuti ng'ombe ili ndi mimba zingati."

"Ndi zoona, Oom. Kungoti Marinda chaka chino wawombera kwambiri kuposa kale, ndiponso m'nyengo yotentha. Mpope ukatentha umatha msanga."

"Adokotala," anatero a Barend mwaulemu wowawa, "mfuti si ng'ombe yoti muipise mkono kumbuyo n'kudziwa za m'kati. Idyani, nyama ikuzizira."

Wikus anadya. Koma ndinaona Marinda akumuyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi sinathere patebulo. Mkati mwa sabata ndinapeza Marinda akulowetsa mfuti m'galimoto yake bambo ake ali kudambo ndi nkhosa.

"Amayi, simunaone kanthu."

"Maso anga ndi okalamba," ndinatero.

Loweruka ku kalabu kunali anthu ambiri, poti aliyense ankakonzekera za ku Bloemfontein. Azimayi tinali pansi pa mtengo tikupaka batala pa buledi, moto wa soseji ukuyaka. Marinda anagona pamphasa yake n'kuyamba. Choyamba, pakati. Chachiwiri, pakati. Chachitatu chinalowa pafupifupi m'bowo la chachiwiri. A Barend sabata imeneyo anali atasinthanso makapu, ndiye anaimirira, chifuwa patsogolo, n'kuitana anzawo.

"Swanepoel, tabwera udzaone! Ndinakuuzani ine kuti ndi makapu. Munthu ukakhala wodekha vuto umalipeza."

Amuna anasonkhana. Marinda atamaliza, mabowo onse anali pamodzi ngati anapiye pansi pa make. A Barend anawerama, natola chigoba chimodzi chikadali chotentha kuti awonetse anthu kakapu katsopanoko. Anachitembenuza. Kunsi kunalibe dontho lofiira. Anatola china. Chimodzimodzi.

A Swanepoel, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anati, "Bwanji Barend, utoto wa Truida watha?"

Ena anaseka. Ena anayang'ana nsapato zawo. A Barend anatsegula chikwama cha Marinda, n'kupeza bokosi lawo lili momwe analitsekera m'mawa uja.

"Ababa, ndimati ndikuuzeni tikafika kunyumba," anatero Marinda.

A Barend anapita pamene panaima Wikus, nalowetsa zigoba ziwiri zija m'thumba la malaya a mnyamatayo, n'kupasisita pathumbapo.

"Katundu wanu, adokotala."

Anakwera pikapu n'kunyamuka, fumbi lokhalokha. Ine ndi Marinda tinabwerera pa galimoto ya Wikus, titapanikizana pakati pa mabotolo a mankhwala a nkhupakupa.

Ndakhala ndi a Barend zaka zambiri, ndawaona atakwiya ndi chilala, ndi ankhandwe, ndi boma. Koma zimene zinawagwira ulendo uno zinali zina. Nkhosa yathu yamphongo yabwino itadwala, anaitanitsa dokotala wochokera ku Trompsburg, mkamwini ali pafupi pomwepa. Kusitolo ya alimi ankauza aliyense kuti zipolopolo za mnyamatayo n'zotentha kwambiri, tsiku lina zidzamuphulikira mwana kumaso. Anatenga mobisa zigoba zowombera kale m'chikwama cha Marinda, n'kumazifufuza ndi galasi lokulitsa zinthu, kufuna kupeza mng'alu kapena kakapu kophwanyika. Sanapeze kanthu, ndipo kusapezako kunawapweteka kuposa. Wikus akabwera kudzatenga Marinda, iwo ankaima pawindo la kukhitchini, kuseri kwa katani.

"Taona mmene wainyamulira mfutiyo. Ngati thumba la chimanga."

"Wainyamula bwinobwino, a Barend."

"Ndipo akuseka chiyani? Pali choseketsa chanji pa zipolopolo?"

Chinkawawawa kwambiri chinali chakuti Marinda akabwera kowombera, ankakhala pakhonde n'kuimbira foni Wikus, kumufotokozera bowo lililonse, mphepo mmene inakhalira, chimene chinakwera ndi chimene chinatsika. A Barend ankanamizira kuwerenga nyuzipepala, tsamba osalitembenuza.

"Kale ankauza ine zimenezi," anatero tsiku lina.

"Mwanayu munamupereka nokha, ndi chanza chomwe."

"Ndinapereka mwana. Mfuti sindinapereke."

Ndinaseka, koma nditawayang'ana kuseka kunandithera. Anali atakhala ngati munthu amene abale ake agawana katundu wake iye akadali moyo.

M'mawa wina Marinda ali kusukulu, ndinamva phokoso m'kachipinda kaja. Nditasuzumira ndinapeza atulutsa mfuti ya mwanayo m'kabati yachitsulo, ailowetsa kamtengo kotsukira mumpope, akuika chizindikiro, akuyeza, akubwerezanso. Atandiona anadzidzimuka ngati ndawapeza akuba shuga.

"Ndikungoitsuka."

"Tsukani," ndinatero. Koma nkhope yawo inali itandiuza kale zimene kamtengoko kanawauza. Khosi linali litadyekadi.

Munthu wina akanapita kwa mkamwini n'kunena kuti unanena zoona. A Barend anadzitsekera masiku angapo, makina otsindira akungolira, kenako anatuluka ndi chiganizo. Anati payesedwe. Zipolopolo zawo ndi za Wikus, mfuti imodzi, wowombera mmodzi, zigoba zatsopano zopanda utoto kuti wina asadziwe za mnzake. Zopambanazo ndizo zipite ku Bloemfontein. Woweruza anasankha ine, ati poti sindidziwa kanthu za mfuti, sindingakondere.

Wikus anayesa kukana. "Oom, palibe chifukwa. Ngati Oom akufuna, ine ndisiya."

"Ukuopa?"

Marinda anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ndiwombera. Koma ikhale yomaliza."

Tinachita Loweruka m'mamawa mphepo isanadzuke. Aliyense anandipatsa bokosi lake kukhitchini, ine n'kukhuthulira m'zigubu ziwiri za ayisikirimu, chimodzi choyera, china chabuluu. Kuseri kwa khola anaimika zandamale ziwiri. Marinda anagona pansi, ine ndinakhala pampando pambali pake, n'kumamupatsa chimodzichimodzi. Amuna awiriwo anaima kumbuyo motalikirana, aliyense ndi chowonera patali chake, ngati atambala awiri pabwalo limodzi.

Ndinayamba ndi chigubu choyera. Mabowo anasonkhana bwino kwambiri, moti ngakhale ine ndinaona kuti apa palibe chonena. A Barend anayamba kung'ung'udza nyimbo ya m'buku la mapemphero. Kenako chabuluu. Nazonso zinayenda bwino, kutalitali ndi kumwaza kwa masiku aja, koma chimodzi chinapatuka n'kukagwa m'munsi pang'ono, kunja kwa zinzake.

Tinayenda tonse kukaona pafupi. A Barend anaika chikhatho pa chandamale choyamba, n'kutembenukira kwa Wikus.

"Waona, mnyamata? Izi sizichitika mwangozi. Apa pali manja a munthu wodekha, woyeza kawiri, wolemekeza ntchito yake. Munthu wotere ungamupatse chilichonse osadandaula." Analoza chandamale chachiwiri. "Izinso si zoipa, usataye mtima. Koma kamodzi aka kothawa n'kaulesi. Penapake wopanga anafulumira. Truida, auze."

Ndinayang'ana Marinda. Ndinayang'ana kumwamba. Bodza ndinaliganizira ndithu, koma ndinali nditavomera kukhala woweruza.

"Choyera ndi cha Wikus," ndinatero. "Chabuluu ndi chanu."

Wikus, m'malo mongotseka pakamwa, anafuna kuwatonthoza. Anatenga chipolopolo chotsala m'chigubu chabuluu, n'kuchiika pambali pa chake.

"Koma Oom, zanu zasintha kwambiri. Taonani, zikulingana ndi zanga. Mwazitalikitsa eti?"

"Wikus," anatero Marinda, "khala chete."

A Barend khosi lawo linafiira mpaka m'makutu, ndipo ndinakumbukira kumene mwanayo anatengera. Anayamba kulankhula mofulumira. Anati bowo limodzi si umboni. Anati kamphepo kanadutsa nthawi imeneyo, iwo anakamva pa tsaya. Anati tibwereze mawa.

"Sitibwereza, Ababa. Ndipita ndi za Wikus."

"Chifukwa cha bowo limodzi? Zaka zonsezi, bowo limodzi?"

"Si bowolo ayi." Marinda anawayang'ana m'maso. "Zanu n'zabwino, zikanatha kupambana mawa. Koma zinthu zitavuta munayeza wonga, munayeza zigoba, munagubuduza zipolopolo pakalilole, ndipo zonse zitakukanikani munati ndine. Mpope simunafune kuukayikira poti munasankha ndinu. Munakayikira ine. Uyu nditamupititsira mfuti sanandifunse n'komwe ngati ndikupuma bwino."

Anatenga mphasa yake n'kumapita. Wikus anaima pang'ono, osadziwa kolowera, kenako anamutsatira. A Barend anatsala akuyang'ana bowo lothawa lija. Analowetsamo chala chaching'ono, ngati akufuna kulikankhira kwa anzake.

Za ku Bloemfontein anati sapita. Anati nkhosa zili pafupi kuswa, munthu sangasiye famu. Tsiku lonyamuka ndinapeza avala malaya awo abwino, ati akufunika kukagula chitsulo cha thirakitala m'tauni, ndiye angondiperekeza. Chowonera patali chinali kale kuseri kwa mpando.

Kumeneko sanakhale nafe. Anakaika mpando wawo kutali, kumapeto kwa mzere, pafupi ndi anthu a ku Natal amene sankawadziwa. Koma m'mawa wa tsiku loyamba, Marinda akumanga jekete lake lowomberera, ndinawaona akubwera, manja m'matumba. Anaima pambali pake, akuyang'ana mbendera za mphepo.

"Ikuchokera kumanzere, koma isintha dzuwa likakwera."

"Ndaona, Ababa."

Anakhalabe chiimire. Kenako, maso ali kumbenderako, anati, "Sunali iwe."

"Ndikudziwa," anatero Marinda. Anawagwira pamkono pang'ono, n'kupita kukagona pamalo ake.

Anawombera bwino sabata yonseyo. Tsiku lomaliza mphepo inatembenuka mwadzidzidzi n'kumutayitsa ziwiri, ndipo anamaliza wachinayi, malo amene anali asanafikepo chiyambire. Wikus anamunyamula m'mwamba pamaso pa anthu. A Barend anaomba m'manja, anagwirana chanza ndi mkamwini, ananenanso kuti wagwira ntchito. Koma tili m'njira yobwerera, titadutsa malo omwetsera mafuta, anayamba.

"Ziwiri zija, Truida. Chikhala zanga…"

"Mukapitiriza nditsika pompano."

Anasiya. Chitsulo cha thirakitala sitinagule.

Ukwati unachitika nyengo yokolola itatha. Marinda anasamukira kutauni kwa mwamuna wake, mfuti n'kupita naye, ndipo mpope watsopano anakasankha awiriwo. Pafamu panakhala zii. A Barend ankalowa m'kachipinda kaja, kupukuta fumbi pasikelo, kutuluka. Ankayendayenda m'nyumba n'kumatsegula makabati opanda chifukwa.

M'mawa wina ndikukanda ufa wa buledi, ndinaona akundiyang'ana modabwitsa. Anabwera, anagwira mkono wanga, anautambasula, n'kuuyeza kuchokera pachigongono mpaka pachala.

"Maso ako akuonabe bwino, Truida?"

"Ndimalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi. Bwanji?"

"Mfuti yanga yakale ija ingakukwane. Kungofupikitsa thako lake pang'ono."

Ndinawauza kuti apenga, kuti ndine mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, wa maondo olira. Koma masiku ano Loweruka lililonse mundipeza ku kalabu, nditagona chafufumimba pamphasa, azimayi anzanga akuseka pansi pa mtengo. Ulendo woyamba ndinalasa chandamale cha a Swanepoel m'malo mwa changa, ndipo iwo anandithokoza poti linali bowo lawo labwino koposa tsiku limenelo. Pano ndayamba kumenya changa. Marinda amagona malo achitatu kuchokera pa ine, mwamuna wake ali kumbuyo kwake. A Barend amakhala kumbuyo kwanga, koma ndimadziwa kuti chowonera patali chawo chimathera nthawi yambiri pa chandamale cha mwanayo kuposa changa.

Sabata yatha nditalasa pakati kawiri motsatizana, anawerama n'kundinong'oneza, mpweya wawo ukununkha khofi.

"Usawauze kanthu a Terblanchewo. Tipatse zaka ziwiri basi. Tidzawadya onse awiri."